Anawerenga makapu, mwana wanga ali pansi pa thiraki

Mundikhululukire owerenga, nkhani ya sabata ino ikhala yodumphadumpha. Ndinakonza zoti ndilembe za chifuwa chimene chagwira ana ndi fumbi la Julayi lino, koma ndikagwira cholembera mutu ukungobwerera malo amodzi, pamsewu wopita kuboda, kumalire a Zambia.

Ndiyambe bwinobwino.

Mwana ndili naye mmodzi. Dzina lake ndi Yankho, mtsikana, zaka zitatu ndi theka. Amapita kumkombaphala wa m'mudzi mwathu, chisakasa cha udzu kuseri kwa tchalitchi, chakuno ku Kachebere. Kuchoka pachisakasapo kukafika patala, pamsewu waukulu uja, ndi pafupi, mwana akhoza kuthamanga osapumira panjira. Amene amawasamalira ndi aNaphiri, mayi wachikulire amene ana amawaitana kuti Madamu, ndipo makolo timasinthana kuphika phala. Salipidwa aNaphiri. Ndanena msanga zimenezi kuti musaganize kuti ndabwera kudzawapachika.

Pa 6 Julayi, tsiku lokumbukira ufulu wa dziko lathu, sukulu sizitsegula. Ndiye Madamu anati ana achitiretu chikondwerero chawo tchuthicho chisanafike. Sabata yonse anali kuwakonzekeretsa. Ankaima kutsogolo n'kufunsa kuti ndiwe ndani, ana onse pamodzi n'kuyankha kuti ndine Mmalawi. Yankho anazitenga n'kubwera nazo kunyumba. Ankatsekereza nkhuku pakhomo n'kuzifunsa, zikapanda kuyankha n'kuziyankhira yekha. Ine ndinkaseka. Ndinkakondwanso, chifukwa kuno kwathu funso limeneli si lopepuka. Wina nyumba ili mbali ino, munda uli tsidya lija. Wina chigayo chake chapafupi chili ku Zambia. Mwana adziwe kwawo, ndinkatero mumtima.

Tsopano ndikuuzeni za makapu, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

Mwana aliyense amapita ndi kapu yake ya phala. Ya Yankho ndi yobiriwira, ndinagula ku Kamwendo, ndipo ndinaiwotcha pachogwirira ndi msomali wamoto kuti isasokonezeke ndi ya wina. M'mawa akafika, aliyense amaponya kapu yake m'beseni. Madamu sawerenga ana. Amawerenga makapu. Anandiuzapo tsiku lina akuseka kuti ana sakhazikika, ukamafika pa teni woyamba uja wasuntha kale, koma kapu ukaiika pansi imakhala pomwepo. Nthawi ya phala ikakwana amadzaza makapu onse n'kuwandandika pamkeka, aliyense n'kutola yake. Ikatsala kapu yopanda mwini, ndiye kuti pali mwana amene wasowa, amayamba kufunafuna. Ikapanda kutsala, onse alipo.

Chaka chonse zayenda choncho. Inenso ndinkaziona ngati nzeru.

Tsiku la chikondwererolo kunacha ndi mphepo yozizira. Anatiuza kuti ana avale chofiira, chakuda kapena chobiriwira, mitundu ya mbendera yathu, ndiye ine ndinamuveka juzi yofiira. Titafika tinapeza Madamu atakhala pampando, mbale zitatu zili patsogolo pawo: makala osinja, dothi la katondo, ndi masamba a mbatata otibula. Mwana aliyense ankamulemba mizere itatu m'masaya ndi pachipumi, n'kumupatsa kambendera ka pepala komata pakaphesi. M'beseni munalowa makapu 31.

Ndinaima pang'ono kuonerera. Ndinene zoona, atamaliza kuwapaka ndinayang'ana kawiri ndisanamuzindikire wanga. Zinandiseketsa nthawi imeneyo. Ndinabwerera kunyumba chifukwa ndinasiya mtedza padzuwa, ndipo mbuzi za aneba sizichedwa.

Cha m'ma 9 koloko ndili pamjigo ndinawamva akuimba. Anali kuguba kulowera kutala, atagwira chingwe chachitali chopota ndi neti yakale ya udzudzu, Madamu ali patsogolo ndi wezulo pakamwa. Kumsewuko kumakhala mzere wa mathiraki odikira kuwoloka, ndipo Madamu ankafuna kuti ana akaimbire madalaivala ndi amalonda, aone kuti nafenso akumudzi tsikuli timalidziwa. Kumbuyo kwa chingwe kunalibe munthu wamkulu. Mayi amene anayenera kukhala kumbuyoko anatsala pamoto akutakasa phala.

Ndinaziona ndi maso angawa. Ndinaziona, n'kusenza ndowa yanga, n'kupita kunyumba. Chimenechi ndiye chikundidya.

Ndinapita kukamutenga cha m'ma 11. Ana ambiri anali atabalalika kale. Makapu anali atatsukidwa n'kuvundikiridwa pathandala, ya Yankho ili pomwepo, yonyowa.

“Madamu, Yankho ali kuti?”

“Wamwa kale phala ameneyo, amake Yankho. Si iyo kapu yake? Lero sinatsale ngakhale imodzi. Mwina watsogola ndi anzake.”

Ndinathamangira kunyumba. Kulibe. Ndinapita kwa mnzake amene amayenda naye, kamtsikana kotchedwa Lonjezo. Kulibenso. Lonjezo anangoti mbendera ya Yankho inauluka kumsewu. Ndinamufunsa kuti ndiye Yankhoyo anatani, iye n'kubisa nkhope kukhoma.

Ndinabwerera kwa Madamu. Anabwerezanso za makapu akuloza thandala, ngati kuti thandalalo lingandiyankhe. Pamenepo amake Lonjezo, amene anaphika tsikulo, anayankhula motsitsa mawu kuti lero ana anachuluka. Anati pobwerera kuchokera kumsewu kunatsatira ena osakhala apasukulupo, atamva kuti phala lili ndi shuga ndi nsinjiro. Ndinayang'ana Madamu. Ndinaona nkhope yawo ikusintha, ndipo ndinadziwa asananene kanthu. Kapu inatoledwa, koma osati ndi mwini wake.

Kuyambira 9 koloko. Maola awiri athunthu.

Inu amene mumakhala kutali ndi malire, simungamvetse zimene zimabwera m'mutu mwa mayi wa kuno mwana akasowa. Kwanuko mumaganiza za chitsime, za mtsinje. Ifenso timaganiza zimenezo, koma pamwamba pake pali njira. Tinjira ta m'tchire timene akabaza amadutsa ndi matumba popanda wowafunsa. Tonse tinakula tikumva za ana otengedwa kukaweta ng'ombe ndi kukagwira m'minda ya fodya tsidya lija, ena anabwerako atamera ndevu, ena mpaka lero. Mwana akadutsa pamenepo ukadandaula kwa ndani? M'dziko la eni uyambira pati?

Ndinathamanga m'mbali mwa mathiraki ndikuitana dzina lake, chitenje chinamasuka ndinangochigwira pamanja, ndinafunsa mayi wowotcha mbatata, ndinafunsa bambo wokazinga tchipisi pachiwaya, ndinafunsa aliyense amene anali ndi maso. Ndinkati kamtsikana ka juzi yofiira, kopakidwa kumaso. Watchipisi uja anandiyankha kuti amayi, ana onse amene adutsa pano lero ndi otero. Sanali kundinyoza. Ankanena zoona. Kawiri konse ndinagwira mwana wa eni paphewa n'kumutembenuza.

Kenako ndinayamba kusuzumira pansi pa mathiraki. Sindinkafuna kutero, chifukwa ndinkadziwa chimene munthu amafunafuna akamasuzumira pansi pa galimoto. Ena injini zinali zikulira kale. Mzere uja ukayamba kusuntha, umasuntha wonse.

Ndinamupeza chakutsogolo kwa mzerewo. Bambo wina wamkulu thupi, dalaivala wa ku Zambia, anali atamunyamula ndi dzanja limodzi, dzanja lina atagwira chitsulo, akuyenda kufunsa amayi amalonda mmodzimmodzi. Yankho sanali kulira. Patapata inatsala imodzi, kaphesi kopanda mbendera kali m'manja, makala atayenderera mpaka m'khosi.

Ndinakhala pafumbi pomwepo.

Bambowo anadikira kuti ndipeze mpweya, kenako anandifotokozera. Mapepala awo anali atatheka, ndipo ogwira ntchito paboda anali atawaitana kuti asunthe. Madalaivala a mathiraki ali ndi chizolowezi choti asananyamuke amazungulira galimoto akumenya tayala lililonse ndi chitsulo, kumvetsera ngati mpweya ulimo. Atafika kumatayala akumbuyo, aja amakhala awiriawiri, anawerama n'kuona kaphazi. Mwana anali atatsamira tayala lamkati, akubisala mphepo. Zikuoneka kuti kambendera katauluka n'kulowa pansi pa thiraki, iye anasiya chingwe n'kukwawira komweko, anzake n'kupitirira akuimba. Ataona kuti kulibe aliyense womudziwa, anangokhala pomwepo.

“Amai,” anatero bambowo m'Chinyanja chawo cha uko, “ine sinimenya matayala masiku onse. Nikachedwa nimangoliza n'kuyenda. Lelo chabe mutima unakana.”

Ndiye anawonjezera, akuyesa kuseka koma kuseka kwake osatuluka: “Namufunsa zina, ati ndine Mmalawi. Kwanu ni kuti, ati ndine Mmalawi. Manje imwe Amalawi muli bambili, nenze nizamupeleka kuli ndani?”

Sindinawafunse dzina. Ngakhale zikomo sindikukumbuka ngati ndinanena. Anakwera, anawomba bela kamodzi, thiraki n'kudutsa ndi matayala ake onse pamalo pomwe mwana wanga anakhala. Ndinawayang'ana matayalawo mpaka lomaliza.

Titabwerera kuchisakasa, Madamu anagwada padothi. Mayi wa msinkhu wa amayi anga kundigwadira ine. Analira kuposa ine.

Koma zimene zinandipweteka kwambiri zinabwera masana ake pamjigo. Amayi anzanga anandizungulira. Anati Mulungu ndi wamkulu, mwana wapezeka, nkhani ithere pompo. Wina anati ndikachulutsa zokamba aNaphiri akhumudwa n'kusiya, ndiye ana athu phala adzalimwera kuti, kapena ine ndi amene ndiziwabereka onse kumsana popita kudimba? Wina anandifunsa kuti poti ngozi sinachitike, ndikulira maliro a ndani.

Ngozi sinachitike. Tawaganizireni mawu amenewo. Ndiye tizidikira ichitike kuti tipeze chilolezo choyankhula? Chimene chinaima pakati pa mwana wanga ndi tayala si ife, si chingwe chija, si mkeka wa makapu. Ndi mlendo wodutsa amene tsiku limenelo ulesi sunamugwire.

Bambo ake a Yankho, amene amapalasa kabaza, atamva anangoti mwanayo asadzapondenso kumeneko. Kunena n'kosavuta. Iwo amachoka m'mamawa, amabwera dzuwa litapendeka. Ine ndikapita kudimba ndimusiyira ndani? Pakhomo pathu pali pafupi ndi msewu womwewo. Ndiponso masiku amene m'nyumba mulibe kanthu, kumkombaphala ndi kumene amakalandira chofunda m'mimba. Ndikamuletsa ndamulanda phala. Ndikamutumiza, mtima uli m'mwamba.

Ine sukulu ndinalekezera sitandade 7, za mbiri ya dziko sindidziwa zambiri. Koma maso ndili nawo, ndipo ndaona kuti kuno timakonda kuwerenga zinthu m'malo mwa anthu. Kusikelo amawerenga makadi amene aunjikidwa patebulo. Alendo akabwera kudzaona kasukulu kathu, uthenga umayenda m'mudzi kuti mwana aliyense abwere, ngakhale wongocheza kwa agogo ake, kuti mzere utalike pachithunzi. Alendowo amawerenga mitu, kulemba nambala, kukwera galimoto, basi. Sindinamvepo wina akufunsa kuti uyu dzina lake ndani, amake ndi ati. Buku la mayina lilipo, ndinaliona. Limakhala m'jumbo yotsomeka kudenga la chisakasa, ndipo limatsika tsiku la alendo lokha.

Nambala ikakwana mitima imakhala pansi. Tsiku lija nambala inakwana. M'mawa 31, masana 31.

Nanga ndani anayambitsa zoti tsiku lalikulu likafika, ana ang'onoang'ono tiziwatulutsira kumsewu? Chikondwerero sindikuchikana ayi. Aimbe, avine, apakidwe makalawo, koma pabwalo pawo. Kutala kuja tinkafuna kuonetsa ndani? Ndamva kuti madalaivala anawajambula pamafoni, amalonda anawomba m'manja, wina anawaponyera maswiti. Onsewo anaona ana 31 akupita. Palibe amene anaona kuti obwerera atagwira chingwe achepa ndi mmodzi.

Tsiku lenileni la ufulu ndinakhala pakhonde, wailesi ya aneba ikulira. Ndinamva mawu amene timamva chaka ndi chaka, oti ana ndiwo tsogolo la dziko. Tsogolo la dzikolo linali pamiyendo panga, ndikulichotsa katondo wotsalira kuseri kwa makutu, ndikuliwerenga zala ngati labadwa kumene. Tinamuphunzitsa mwana dzina la dziko tisanamuphunzitse kutchula dzina la amake ndi mudzi wake. Mlandu umenewu si wa Madamu. Ndi wanga. Kuyambira tsiku lija ndikumamufunsa m'mawa, masana, pomusambitsa: dzina lako ndani, amako ndani, mudzi wanu ndi uti. Kwa ine amayankha bwino. Akamufunsa munthu wachilendo amaluma chala n'kuyang'ana pansi.

Tchuthi chitatha ndinapita naye. Ndinawapempha Madamu kuti buku lija litsike, ana aziitanidwa mayina m'mawa ndiponso asanamwe phala. Anavomera msanga. Analitsitsa, analipukuta fumbi, analitsegula, n'kungoliyang'ana. Kenako anandikokera pambali.

“Mwana wanga, maso angawa anatha. Zilembo izi ndimangoona ngati nyerere. Makapu ndimachita kuwagwira ndi manja.”

Chaka chonse ndakhala ndikuwapatsa moni m'mawa uliwonse, ndipo sindinadziwe. Ndi angati mwa ife amene tinadziwa? Tinamusiyira mayi mmodzi, wosaona bwino, wosalipidwa, ana 31 ndi msewu wa mathiraki, ife n'kumapita kukaswa mtedza tili ndi mtendere.

Ndiye mayinawo ndinaitana ndine. M'bukumo munali ana amene anapita kalekale ku pulayimale, ndipo ena amene anakhala pamkeka patsogolo panga munalibe. Ndinalemba mwatsopano ndi dzanja langa lokhotakhotali. Tsiku loyamba zinayenda. Lachiwiri zinayenda. Lachitatu ndinayenera kukathirira tomato kudimba chifukwa anayamba kufota, ndipo pobwera ndinapeza makapu ali pamkeka monga kale, buku labwerera kudenga. Ndapempha amayi anzanga kuti tizisinthana kuitana mayina ngati mmene timasinthirana pophika. Awiri anati tiona. Enawo anayang'ana kumbali.

Ndiye mmene zilili ndi mommo. Yankho akupitabe. Ndimamusiya, ndimayenda mpaka pokhota njira, ndimatembenuka, ndimamuyang'ana, ndimapitanso, ndimatembenukanso. Kudimba thiraki ikawomba bela kumsewu ndimapezeka ndaika kheni yothirira pansi, ndaimirira, ndikumvetsera.

Pali chimodzi chimene sindinakuuzeni.

Ndinawafunsa amake Lonjezo kuti amene anamwera m'kapu ya mwana wanga ndi ndani. Ndinafunsa ndi mkwiyo, sindibisa. Ndinkati mwana ameneyo akanapanda kutola kapu ija, ikanatsala pamkeka, anthu akanathamanga nthawi ikadalipo. Anandiuza kuti akukumbuka kamtsikana kena, msinkhu womwewo wa Yankho, kopanda nsapato, katavala malaya a munthu wamkulu ofika m'mawondo. Sikanakhale pansi ndi anzake. Kanagwira kapu ndi manja awiri, kanamwa choimirira mofulumira ngakhale phala linali lotentha, kanapukuta m'kapumo ndi chala, kanaika kapuyo m'beseni bwinobwino, n'kulowera kumsewu kokhakokha. Palibe amene anakafunsa kanthu.

Mkwiyo unandithera pomwepo, m'malo mwake munalowa china choipirapo.

Masiku anayi tsopano ndikufunsa m'mbali mwa msewu. Wowotcha mbatata sakumudziwa. Watchipisi akuti ana otero ndi ambiri, ena ndi a mbali ino, ena a tsidya lija, amangozungulira mathiraki kutola zotsala. Inu amene mukuwerenga izi, kaya muli kwa Zulu, kaya ku Kamwendo, kaya pompano paboda, ngati mukumudziwa mwana ameneyu, sindikufuna kumukalipira. Ndikungofuna kumva kuti anakafika.

Wanga ali ndi amake, ali ndi Madamu, ali ndi dzina m'buku, koma panatha maola awiri munthu asanadziwe kuti kulibe. Nanga uja anadutsa pakati pa matayala omwewo popanda chingwe chogwira, atapanda kufika kwawo tsiku limenelo, akanazindikira ndani?